Kodi tikamati "ndi nthawi ya Mulungu" timatanthauzanji?

Mukakwera minibasi pa Limbe kulowera m'tauni, kudzera pa Chichiri ndi Ginnery Corner, tawerengani zolembedwa kumbuyo kwa magalimoto ndi pamakoma a maokala. Simufika pa Mibawa musanakumane ndi mawu onena za nthawi: "Zonse ndi nthawi," "Mulungu sachedwa," "Yanga idzakwana." Mawu omwewa mumawamva pamaliro, mumawamva zotsatira za MSCE zikatuluka, mumawamvanso ukwati ukalephereka chinkhoswe chitachitika kale, mapoto ndi mbale zili m'makatoni. Ndi mawu amene mu Blantyre muno timapepesera nawo aliyense amene zake zalowa m'madzi. Koma anthu awiri akamati "ndi nthawi ya Mulungu," kawirikawiri sakunena chinthu chimodzi. Kunena kwina kumamudzutsa munthu, kwina kumamugoneka, kwinanso kumamudyera ndalama.

Tiyambe ndi zimene zimalepherekazo. Mwana wakhoza bwino Folomu 4, koma mndandanda wa opita ku mayunivesite a boma utatuluka ku NCHE dzina lake mulibe. Wina dzina lilimo koma fizi yasowa. Wina wamaliza pa MUBAS, paja tinkati pa Poly, chithunzi cha gauni chili pakhoma kwa mayi ake ku Ndirande, koma chaka chachinayi tsopano ali pansi pa ambulera ya Mpamba ndi Airtel Money, digiri ili mu sutikesi. Bambo anasunga ndalama ya malata ndi simenti, kenako kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya denga lonse ija nkungokwana mbali imodzi. Pitani ku Machinjiri kapena ku Chileka mukaone nyumba zimene zinaima zitafika m'mawindo, njerwa zitada ndi mvula. Mayi wakhala pabanja zaka 8 wopanda mwana, ndipo apongozi ayamba kuyankhula mophiphiritsa.

Chimene chimawawitsa zimenezi kuno kwathu nchakuti cholinga cha munthu sichikhala chake yekha. Kuti mwana wa ku yunivesite uja aphunzire, mbuzi zinagulitsidwa kumudzi ku Thyolo, mlongo wake analekera Folomu 2, ndipo abale anawerengera kale malipiro ake oyamba. Zikakanika, amasenza manyazi a mbumba yonse. Munthu wotere akauzidwa kuti "nthawi yako sinakwane," mawuwo agwera pachilonda chenicheni, ndipo nkoyenera kufunsa ngati ali mankhwala kapena tsabola.

Ena akamanena mawuwa amatanthauza kuti "zinalembedwa": zonse zinakonzedwa kale, munthu alibe chochita, wosauka anabadwira kusauka. Zimatonthozako, chifukwa zimachotsa mlandu pamutu pa munthu, koma zimamanganso manja. Ambiri, makamaka paguwa ndi m'mauthenga a m'mamawa a pa WhatsApp, amatanthauza kuti Mulungu wangochedwetsa: chimene unafunacho chikubwera, chomwecho, ndipo chidzabwera chonenepa. Ntchito yakana pano chifukwa kutsogoloku kuli ina ya galimoto ndi nyumba ku Namiwawa. Tanthauzo limeneli ndi lokoma m'khutu, ndipo ndi limene tiyenera kulisenda bwino, chifukwa ndi limene limafooketsa anthu pa chikhulupiriro zaka zikamadutsa popanda kanthu. Palinso lina losakoma kwenikweni, limene mumalimva kwa amayi achikulire a Mvano kapena a kumphakati amene anaika ana awo m'manda: kaya chimene ndinapempha chibwera kaya ayi, Amene ndinamupemphayo ndikumudziwa. Baibulo, mukaliwerenga mosathamanga, limatsamira kumeneku.

Mawu akuti chilichonse chili ndi nthawi yake ali pa Mlaliki 3, ndipo Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, linawafalitsa mpaka osapemphera omwe amawanena. Koma tikamawatchula timadumpha theka lake. Mlaliki akuwerenga nthawi yobadwa ndi yomwalira, yobzala ndi yozula, yolira ndi yoseka, yofunafuna ndi yotaya. Sakulonjeza kuti zabwino zokhazokha ndizo zili m'njira. Akuti moyo uli ndi zonse ziwiri ndipo wogawa si munthu. Pa ndime 11 akuti Mulungu anakongoletsa chilichonse pa nthawi yake, komabe munthu sangalondole ntchito ya Mulungu kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ndiye mutu umene timaugwiritsa ntchito pouza mnzathu kuti "chako chili pafupi" ndi womwewo umene ukutiuza kuti sitidziwa.

Alaliki amakonda kutchula mawu awiri a Chigiriki, chronos ndi kairos, oyambawo kutanthauza nthawi yoyenda ngati ya pawotchi, achiwiriwo nthawi yoyenera chinthu. Amawatchula ngati chinsinsi chakuya, koma agogo anu a ku Chiradzulu akudziwa kale: pali nthawi, pali nyengo. Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala, mlimi wanzeru sathamangira kubzala, amadikira mvula yobzalira. Kalata ya Yakobo, pa mutu 5 ndime 7, ikutenga chitsanzo chomwechi, mlimi wodikira mvula yoyamba ndi yomaliza. Koma onani kudikira kwa mlimi. Wasosa kale, wagalauza, mizere ili chire, mbewu ili m'nyumba, ndalama ya feteleza akuisaka. Mvula sangaiitane, koma ikamadza imupeza ali ndi khasu m'manja. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo makolo omwewo anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Miyambi iwiriyi sikangana, imodzi ikunena za chimene sichili m'manja mwako, inayo za chimene chili m'manja mwako.

Komabe chitsanzo cha mlimichi chili ndi mano. Mu nyengo ya 2023 mpaka 2024 alimi ambiri kumwera kuno anachita zonse zoyenera, koma ng'amba ya El Niño inawotcha chimanga chisanabereke, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Kudikira bwino sikunawakololetse. Amene amalalikira kuti ukangodekha ndi kulimbikira zonse zidzakhala bwino ayenera kukhala ndi choti awauze alimi amenewa.

Nkhani zimene timathamangira ndi za Abrahamu ndi Yosefe, ndipo ziwerengero zake nzoopsa ndithu. Abrahamu anachoka ku Harani ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100: zaka 25 za kudikira. Yosefe anali ndi zaka 17 pamene nkhani ya maloto ake ikuyamba, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo pakati pake pali ukapolo, bodza la mkazi wa Potifara, ndende, ndi zaka ziwiri zathunthu zimene wopereka chikho anamuiwala. Vuto lathu ndi lakuti timawerenga nkhanizi kuchokera kumapeto. Ife tikudziwa kuti mutu wotsatira uli ndi mphete ndi galeta. Yosefe m'ndendemo sankadziwa kuti ali pa Genesis 40. Ndipo Abrahamu anali ndi lonjezo lomutchula dzina, pamene ine ndi inu nthawi zambiri tili ndi chikhumbo chabwino chabe. Chikhumbo chabwino si tchimo, koma sichisanduka lonjezo la Mulungu chifukwa choti tachilakalaka kwambiri.

Pali anthu ena m'buku lomweli amene ulaliki wa Lamulungu umawalambalala. Mose anayenda ndi anthu zaka 40 m'chipululu, dziko lolonjezedwa analionera paphiri la Nebo, osalowamo. Davide anafuna kumanga kachisi, anauzidwa kuti si iye. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, yankho linali lakuti chisomo chikukwanira. Yohane Mbatizi anafera m'ndende. Ahebri 11, mutu umene timautcha wa ngwazi za chikhulupiriro, ukunena poyera pa ndime 13 ndi 39 kuti anthu amenewa anafa asanalandire zolonjezedwazo. Choncho "ayi" ndi yankho limene lilipo, ndipo amene walilandira sanaperewere chikhulupiriro.

Koma ndime imene ndikufuna tikhalepo ndi Yeremiya 29:11, ija yonena kuti Mulungu akudziwa malingaliro amene ali nawo pa ife, a mtendere osati a choipa, otipatsa tsogolo ndi chiyembekezo. Ili pamakadi a ukwati, pamasikipa a achinyamata a mpingo, pamakalendala a m'masaluni. Ochepa amafunsa kuti inalembedwera yani. Inali kalata. Cha m'ma 597 Yesu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga mfumu ya Yuda, akuluakulu ndi amisiri kupita nawo ku Babulo. Anthu amenewa zolinga zawo zonse zinali zitagwa: nyumba, minda, maudindo, ngakhale kachisi wopempherako, zonse zinatsala kumbuyo. Funso lawo linali limodzi: tibwerera liti?

Yankho lokoma linalipo. Pa mutu 28, mneneri wina dzina lake Hananiya anaima m'kachisi ku Yerusalemu, pamaso pa ansembe ndi anthu onse, nkunena kuti pasanathe zaka ziwiri goli la Babulo lithyoka, ziwiya za m'kachisi zibwerera, mfumu ndi andende onse abwerera. Anachita kuchotsa goli lamtengo limene Yeremiya anavala m'khosi nkulithyola anthu akuona. Yeremiya anayamba wavomera kuti ameni, Yehova achitedi zimenezo, chifukwa nayenso ankalakalaka zitatero. Koma anadziwa kuti si zoona. Hananiya ananenera mwezi wachisanu, mwezi wachisanu ndi chiwiri wa chaka chomwecho anamwalira, ndipo patapita zaka zochepa Yerusalemu yense anawonongedwa.

Kalata ya Yeremiya inanena zina. Ndime 10, imene ili pamwamba penipeni pa ndime ya pamasikipa ija, ikuti zaka 70. Taganizani bambo wa zaka 40 akumva kalatayi ikuwerengedwa. Akudziwa kuti iye Yerusalemu sadzamuonanso, mwina adzukulu. Tsogolo ndi chiyembekezo zikunenedwazo nzoona, koma nzazikulu kuposa moyo wake. Nanga iye atani pakali pano? Apa ndiye pali mtima wa nkhani yonse, pa ndime 5 mpaka 7: mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, kwatitsani ana anu, chulukani musachepe, ndipo funirani mtendere mzinda umene mwatengedwerako, muupempherere. Mwachidule, masulani katundu. Moyo wanu si uja munausiya, si ujanso mukuudikira. Ndi uno, m'dziko limene simunasankhe.

Ine ndimaona kuti amenewa ndi malangizo ovuta kuposa "dikira." Wodikira amakhala pasiteji ndi chikwama m'manja, sagula mpando, sabzala mtengo, sapalana ubwenzi ndi oyandikana nawo chifukwa akuti mawa anyamuka. Ndikudziwa anthu, ndipo nanunso mukuwadziwa, amene zaka 10 za unyamata wawo zinathera pasiteji yotere, kudikira viza, kudikira kuitanidwa ku intaviyu, kudikira mwamuna amene anapita ku Joni nkusiya kuimba foni.

Za Hananiya sitingazisiye m'mbiri yakale. Mzinda uno uli ndi mapemphero ambiri: a masana m'maholo a m'tauni, a usiku wonse, a kuphiri ku Soche ndi ku Ndirande. Ambiri mwa otsogolera ndi anthu oona mtima amene amasenza mavuto a anzawo kwaulere. Koma pakati pawo pali ogulitsa masiku. "Mwezi uno usanathe foni ilira." "Chaka chino ndi chako." Ndipo tsikulo lili ndi mtengo wake: mbewu ya mu envelopu, mafuta, madzi a m'botolo. Mwezi ukatha foni osalira, mlandu sugwera wonenera uja. Umagwera wodikira, ati chikhulupiriro chachepa, kapena azakhali a kumudzi, ati anakumanga. Mabanja adana chifukwa cha zimenezi, ndipo okalamba ena m'dziko muno amenyedwa, ena kuphedwa kumene, ponamiziridwa ufiti. Apa pali kudzitsutsa kumene sitikuona: ngati nthawi ndi ya Mulungu, envelopu singaifulumizitse. Yesu mwini, ophunzira atamufunsa za nthawi pa Machitidwe 1:7, anawauza kuti kudziwa nthawi ndi nyengo si kwawo.

Mzinda wathu womwewu unabadwa pa zolinga zolephereka, ndipo mbiri yake imaphunzitsa mbali zonse ziwiri. David Livingstone anabwera mu 1858 ali ndi chikhulupiriro chakuti Zambezi ndiye msewu wolowera pakati pa Africa. Mathithi a Cahora Bassa anamutsekera njira, ndipo mu 1859 anatembenukira ku Shire chifukwa chosowa kolowera. Amishoni a Angilikani a bungwe la UMCA amene anamutsatira anakhazikika ku Magomero mu 1861. Bishopu wawo Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, mkazi wa Livingstone, Mary, anamwalira ku Shupanga mu Epulo chaka chomwecho, mishoni inasamuka, ndipo boma la Britain linathetsa ulendo wonsewo mu 1863. Pa nthawiyo zonse zinaoneka zolephera. Livingstone anamwalira mu 1873. Mu 1876 a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni m'dziko la mfumu Kapeni nkuitcha Blantyre, dzina la kwawo kwa Livingstone, ndipo amene anayenda ndi mtumiki wawo Henry Henderson posaka malowo anali Tom Bokwito, mmodzi wa akapolo omasulidwa m'masiku a Magomero. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott ndi amisiri a kuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, chiima pamenepo mpaka lero.

Nkosavuta kuloza tchalitchicho nkuti, "Mwaona, nthawi ya Mulungu." Mwina nzoona. Koma Mackenzie sanachione, Mary sanachione, ndipo anthu a m'chigwa cha Shire amene anafa ndi njala ndi nkhondo za ukapolo m'zaka zimenezo palibe anawafotokozera kuti akuthandiza kumanga mzinda. Njira yomweyo inadzetsanso utsamunda mu 1891 ndi thangata m'minda ya azungu. Tanthauzo la chinthu cholephereka limaoneka mochedwa, nthawi zina kwa adzukulu, ndipo likaoneka silikhala loyera mbee. Nchifukwa chake ndimachita mantha ndi munthu amene, tsoka litangogwa dzulo, lero akudziwa kale chifukwa chake Mulungu walilola.

Tsopano pali china chimene tiyenera kuchinena mosapsatira. Si kuchedwa konse kumene kuli kwa Mulungu. Mlonda amene sanalandire malipiro miyezi itatu sakudikira nthawi ya Mulungu, akudikira bwana amene akudya thukuta lake, ndipo Yakobo 5:4 ikuti malipiro obedwa otere amafuula. Wopuma ntchito amene fayilo yake ya penshoni "ikusowa" mpaka atapereka ya fanta, mtsikana amene ntchito yamudutsa chifukwa anakana kugona ndi wolemba ntchito, amenewa alakwiridwa ndi anthu. Kuwauza kuti nthawi yawo sinakwane ndi kumuveka Mulungu mlandu wa wakuba. Mkazi wamasiye wa pa Luka 18 sanakhale pakhomo kudikira. Anavutitsa woweruza wosalungama mpaka anamuweruzira mlandu wake, ndipo Yesu anamutenga iyeyo kukhala chitsanzo cha kupemphera.

Chimodzimodzi za Chilobwe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nkukwirira nyumba ndi anthu ali m'tulo, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Pamaliro ena kunamveka mawu akuti inali nthawi yawo, kwina kunamveka oipa kuposa apa, akuti chinali chilango. Yesu ananenapo za ngozi yotere. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, nkufunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti ayi. Mvula sitinaipange ndife, koma phiri linametedwa mitengo ndi anthu, ndipo anthu anamanga m'malo otsetsereka chifukwa mapuloti abwino mumzinda muno osauka sangawakwanitse. Mafunso amenewa ali ndi eni ake oyenera kuyankha, ndipo mawu opatulika asakhale chinsalu chowabisa.

Nanga wokhulupirira ali ndi ufulu wodandaula? Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti Mulungu safunsidwa. Koma buku la Masalimo ladzaza ndi anthu omufunsa. Salimo 13 likufunsa kanayi konse kuti "mpaka liti?" Salimo 88 limatha lili mumdima, popanda ndime yotonthoza kumapeto, ndipo analisiya m'Baibulo momwemo. Yesu atamva kuti Lazaro akudwala anakhalabe masiku awiri kumene anali, ndipo pofika anapeza maliro ali m'manda masiku anayi. Marita anamulonjera ndi mawu olasa: Ambuye, mukadakhala kuno mlongo wanga sakadafa. Mariya anabwereza omwewo. Yesu sanawadzudzule. Analira nawo, ngakhale ankadziwa chimene ati achite. Habakuku ananena kuti adzakondwera mwa Yehova ngakhale mkuyu usaphuke ndipo m'khola musakhale ng'ombe, koma anafika pamenepo pa mutu 3, atayamba wakangana ndi Mulungu pa mutu 1.

Izi zikukhudza mmene timapepesera. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anakhala naye pansi osanena kanthu. Analakwa atatsegula pakamwa kuti afotokoze. Ife Amalawi khalidweli timalidziwa pamaliro: timafika, timakhala, timagona pasiwa, timasonkha ufa ndi nkhuni. Koma maliro a zolinga alibe siwa. Mtsikana amene ukwati wake walephereka amapita yekha kukabweza diresi, ndipo Lamulungu amakumana ndi anthu 20, aliyense ndi vesi lake. Mmodzi yekha atati, "Mwanangu, pepa, zawawa. Tiye kunyumba ukadye nsima," angachite zambiri kuposa onsewo. Mawu akuti "nthawi ya Mulungu" amalemera akatuluka pakamwa pa mwini tsoka, kapena pa munthu amene wakhala naye mpaka usiku. Akatuluka pakamwa pa wodutsa amene zake zikuyenda, amamveka ngati akuti tatontholani, mukutisokosera.

Ndipo pali pamene kudikira kwasanduka matenda. Munthu sakugona, sakudya, wasiya kusamba, akudzitsekera m'chipinda, akunena kuti bola kufa. Abambo ndiwo amabisa kwambiri, poti anauzidwa kuti mwamuna salira. Wotere apemphereredwe ndithu, koma aperekezedwenso kuchipatala. Ku Queen Elizabeth kuli madokotala a matenda a maganizo, ndipo kupita kumeneko si kukana Mulungu, monga mmene kumwa LA ukadwala malungo sikuli kukana Mulungu.

Funso lovuta kwambiri limene anthu amafunsa abusa ndi lakuti, "Abusa, ndidziwa bwanji ngati ndiyenera kudikirabe kapena kusintha njira?" Palibe sikelo yoyezera, koma pa Machitidwe 16 pali chitsanzo chothandiza. Paulo anafuna kulalikira ku Asiya, analetsedwa. Anayesa ku Bituniya, analetsedwanso. Sanakhale pakhomo lotsekalo nkumasala kudya mpaka litseguke. Anapitirira mpaka ku Trowa, ndipo kumeneko ndiko anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya. Anamva koyenera kupita ali pa ulendo. Kwa mwana wa MSCE uja, zimenezi zingatanthauze kulembanso mayeso, kapena kukaphunzira zamagetsi kapena zomangamanga pa Soche Technical, osaona ngati wagwa. Kwa banja lopanda mwana, zingatanthauze kupita kuchipatala onse awiri, bambo ndi mayi, chifukwa vutoli limapezeka mbali zonse ngakhale mwambo umaloza mkazi yekha. Dzedzeredzedzere salingana nkugweratu.

Kusintha njira nkosiyana ndi kudula njira. Sara atatopa anapereka Hagara kwa Abrahamu, Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86, ndipo amene analipira kwambiri anali Hagara ndi mwana wake, othamangitsidwira kuchipululu. Njira zachidule za masiku ano timazidziwa: katapila, ajenti olonjeza ntchito kunja amene amasowa ndi pasipoti ndi ndalama, satifiketi yogula, mwamuna wa mwini amene akulipira lendi. Chozizindikirira nchimodzi: nthawi zonse pali wina amene adzalire, kaya ndi iwe wa mawa kaya ndi munthu wosalakwa.

Tili ndi mawu ena ang'onoang'ono amene ndimawaona olondola kuposa onse a pa minibasi aja: "Mulungu akalola." Abale athu Achisilamu amati Insha Allah. Yakobo 4 ikunena za amalonda okonza zopita kumzinda wina, kukakhala chaka, kuchita malonda ndi kupindula, ndipo siikuwaletsa kukonza. Ikungoti anene kuti Ambuye akalola tidzakhala ndi moyo ndi kuchita chakuti. Mawuwa amanenedwa zinthu zisanalephereke, osati pambuyo. Amene wawanena ndi mtima wonse amalemba bajeti, amalowa banki m'khonde, amatumiza makalata ofunsira ntchito, koma wasiya mpata woti yankho lingakhale lina. Mayina a ana athu amasunga mbiri yomweyi. M'kalasi imodzi muli Yankho, Mphatso ndi Tadala, obadwa makolo atadikira zaka, ndipo pa benchi yomweyo pali Pilirani ndi Limbani, amene mayina awo anaperekedwa yankho lisanafike.

Mwezi wa Febuluwale ukadzafika, dzadutseni ku Machinjiri kuja kuli nyumba zoima m'mawindo. Zina mudzapeza udzu wafika m'chiuno, mwini wake sapondako chifukwa kuziona kumamupweteka mtima. Koma zina mudzapeza m'kati mwa makoma opanda dengawo muli chimanga chobiriwira. Pabalaza pamene panayenera kukhala mipando pali mizere, m'chipinda chogona mwayanga maungu, ndipo mayi wina wawerama pakhomo lopanda chitseko, akutchola nkhwani za ndiwo zamadzulo.